Mphindi Imene Ndinadula

Ku wailesi amanditchula a Lezala, ndipo dzinali sindinalikanepo. Kwa zaka makumi awiri ntchito yanga inali kukonza mawu a mtsogoleri wakale wa dziko lino asanaulutsidwe. Akatsokomola, ndinkadula. Akaphonya dzina la mtsinje, ndinkadula n'kulumikiza tepiyo ndi kaselotepi. Anthu akawomba m'manja mwaulesi, ndinkamatapo m'manja mwa msonkhano wina. Mpaka lero anthu amati mkulu uja lilime silinkamuterereka. Ine ndimangoseka chamumtima.

Nditapuma pa ntchito anandiitananso kuti ndithandize kusamutsira matepi ake mu kompyuta asanadyeke ndi chuku. Anandipatsa chipinda chapansi, chopanda zenera, mashelefu mpaka kudenga.

Lachitatu lina masana kunabwera namwino, akadali mu yunifolomu. Anakhala m'mphepete mwa mpando, chikwama atachikumbatira.

"Bambo, ndikufuna kumva zimene mtsogoleri ananena tsiku lotsegulira mlatho waukulu."

Anafotokoza kuti bambo ake anali mphunzitsi wamkulu, ndipo anachotsedwa ntchito atanamiziridwa kuti ananyoza mtsogoleriyo. Mayi ake anali m'khamu la pa mlatho paja. Anabwerera kunyumba akuvina, akuti amva ndi makutu awo mtsogoleri akutchula mwamuna wawo, kuti alibe mlandu, abwerere ku sukulu. Banja lonse linazungulira wailesi kudikira mawuwo. Sanamveke. Ku maofesi mayiwo anasekedwa, ndipo mphunzitsiyo anamwalira asanagwirenso choko.

"Amayi sanasiye kuikamba nkhaniyi," anatero namwinoyo. "Kwa alendo, kwa azukulu, ngakhale kwa wogulitsa makala. Ine inanditopetsa. Chaka chatha ndinawakalipira pamaso pa ana anga, ndinati asiye kunama. Mwezi watha tawaika m'manda. Ndikufuna ndidziwe ngati ndinawalakwira."

Tepi ya pa mlatho ndinkaikumbukira bwino. Mkulu uja tsiku limenelo analankhula mphindi makumi atatu ndi imodzi, pamene nthawi yathu nkhani zisanayambe inali makumi atatu ndendende. Ndinafunafuna pochotsa. Chakumapeto anasiya pepala n'kuyamba za mphunzitsi wina wake, ine n'kuti izi n'zapambali, sizikhudza mlatho. Palibe anandituma. Ndinadula, kachidutswako kanagwa pansi, wosesa n'kukasesa. Ndinapita kunyumba ndikudzitama kuti polumikiza pake sipakumveka n'komwe.

Ndinatsitsa bokosi la tepiyo pa shelefu. Ndinakoleka tepi pa makina ndi kumupatsa zomvera m'makutu, ine n'kuvala zanga. Tinamva za simenti, za chitukuko, za adani a dziko. Namwinoyo anatsinzina, mutu uli pansi. Kenako malo aja anafika. Mpweya wa mtsogoleri unaduka pakati, kaphokoso ka mphepo kanasintha pang'ono, m'manja n'kuyamba kuwombedwa msanga kuposa mmene anthu enieni amayambira. Munthu wina aliyense sakanamva kanthu. Ine ndinamva ngati wina wamenyetsa chitseko.

Tepi itatha anavula zomverazo n'kupuma mpweya wautali.

"Mulibemo," anatero. "Ndiye kuti sindinawalakwire. Anangomva zimene mtima wawo unkafuna, eti bambo?"

Ndikanati, mwanawe, mayi ako sananame, wakuba ali pamaso pakoyu. Koma nkhope yake inali itamasuka ngati ya munthu amene watula mtolo. Ndinaganiza za chimene ndikanamusenzetsa. Ndinaganizanso za funso limene likanatsatira, loti anakutumani ndani, ine wopanda bwana woti ndimuloze chala.

"Matepi akale awa," ndinatero, "amasunga zimene anasunga."

Anandithokoza ndi manja awiri. Anati ndife anthu ofunika, popanda ife mbiri ya dziko ikanasanduka nkhambakamwa. Ndinamuperekeza mpaka pa masitepe, ndipo anakwera mopepuka, akuimbira mlongo wake foni kuti nkhani ija yatha.

Ndimadziuza kuti ndinamumvera chisoni. Pang'ono n'zoona, koma chachikulu anali mantha. Mayi amene sindinawaonepo ndinawasandutsa wabodza ali moyo, ndipo tsiku limenelo ndinabwerezanso ali m'manda.

Madzulo ake mkulu wa gawo lathu anatsika kudzaona ntchito. Ndi mayi wachangu, sakonda mipata yosadzaza pa fomu. Anasuzumira pa kompyuta, pa mzere wa tepi ya pa mlatho.

"A Lezala, apa simunalembe. Yathunthu kapena yodulidwa?"

Ndinati ndiimvetserenso kaye. Anaseka n'kunena kuti makutu anga sanaphonyepo, ngati ine sindinamve podulidwa ndiye kuti palibe. Anaweramira pa phewa langa n'kulemba yekha kuti yathunthu, ine manja ali pa mawondo.