Tsiku Limene a Dikishonale Anameta Aphunzitsi

"Ine Chingerezi ndimalota nacho," anatero a Dikishonale, makina ometera akulira pamutu pa kasitomala. "Mzungu wina anandifunsapo ngati ndinabadwira kwawo. Ndinangomuuza kuti ayi, n'chibadwa chabe."

Amuna anayi amene ankadikira pabenchi anagwedeza mitu kuvomereza. Palibe amene ankafuna kutsutsana ndi munthu woti posachedwa amuyendetsa lumo pakhosi.

Kuseri kwa katani, m'kachipinda kamene ankasokeramo zovala, akazi awo anamva zonse. Anangoluma ulusi n'kupitiriza kusoka. Pa zaka khumi ndi zisanu za ukwati anali atawamvapo amuna awo akubwebweta kutulo kambirimbiri, koma zonse zinali m'Chichewa, ndipo zambiri zinali zokhudza chakudya.

Dzina la Dikishonale anawapatsa ndi makasitomala, ndipo eni ake ankaliyesa ulemu. Mayiwo analibe nalo vuto. Chingerezi cha amuna awo chinkathera m'makutu mwa anthu ometedwa, ndipo palibe amene chinamudwalitsapo. Vuto linayamba pamene chinalowa m'kope la mwana wawo wachisamba, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi amene aliyense ankamutchula kuti Kadona.

Teremu imeneyo kusukulu ankaphunzira aneni a Chingerezi osamva lamulo aja, amene ukamanena za dzulo amasintha mmene afunira. Tsiku lina ataweruka, Kadona anakhala pampando wa pakona n'kulemba kuti "go" ukamanena za dzulo amakhala "went". Bambo ake anasuzumira, chipeso chili m'manja.

"Ichi n'chiyani? Mawu angasinthe nkhope yonse chonchi? Unaonapo mbuzi itabereka bakha iwe?"

"Aphunzitsi anatero, ababa."

"Aphunzitsi akukusokoneza. Chingerezi n'chophweka, mwanawe. Za dzulo umangomata 'ed' kumapeto, basi, nkhani yatha. Bweretsa kuno."

Anafufuta zonse n'kulemba zawo. Kuyambira tsiku limenelo Kadona akalemba homuweki ya Chingerezi, iwo ankafufuta n'kulemba zawo, akamaliza mutu wina asanayambe wina. Kope linkabwerako kusukulu litafiira ngati epuloni ya wogulitsa nyama. A Dikishonale ankaliyang'ana n'kupukusa mutu mwachisoni, kumvera chifundo dziko lokhala ndi aphunzitsi otere.

Mwana uja anayamba kufota. Tsiku lililonse lokhala ndi Chingerezi ankadzuka monyinyirika. Mayeso omaliza chaka anali atatsala masabata atatu, ndipo kulephera Chingerezi kunkatanthauza kubwereza kalasi, anzake onse n'kumusiya.

Kumsonkhano wa makolo kunapita mayi okha, monga mwa nthawi zonse. A Dikishonale anali asanapondeko pasukulupo, ati mitu ya anthu siidikira misonkhano. Aphunzitsi a Chingerezi, bambo wamfupi wa magalasi ndi tsitsi lowirira, anawaitanira mayiwo pambali n'kutsegula kope.

"Mayi, mwana wanu akalemba m'kalasi zilembo zake zimakhala zozungulira bwino. Akalemba kunyumba zimapendekeka ngati zikuthawa mphepo. Komanso," anakutumula kopelo, titsitsi n'kuyoyokera patebulo, "sindinaonepo homuweki yomera ndevu."

Mayiwo anayang'ana pansi.

"Kulakwa sindikudandaula nako," anapitiriza aphunzitsi. "Kulakwa ndiye ntchito yanga. Chikundidetsa nkhawa n'chakuti kale ankakweza dzanja ndisanamalize funso. Pano yankho akulidziwa, koma akuliopa. Akalowa nawo mantha amenewa m'mayeso, sakhoza."

"Bambo ake ndinawauza kawiri," anatero mayiwo. "Akuti ine ndizidziwa za mabatani." Kenako anayang'ana pamutu pa aphunzitsiwo. "Koma tsitsitu lakula, aphunzitsi. Loweruka timatsegula m'mawa."

Loweruka lija benchi inali yodzaza. Kadona ankathandiza mayi ake kusankha mabatani, ndipo atangoona amene walowa anathawira kuseri kwa katani n'kubisala pakati pa madiresi. A Dikishonale anamukhazika mlendoyo pampando, anamufunditsa nsalu, anamuvula magalasi mwaulemu, n'kuyamba nkhani yawo ya masiku onse.

"Aphunzitsi a masiku ano, akulu, ndi ochititsa manyazi. Pali wina akumulakwitsa mwana wanga dala. Mayankho ndimalemba ine mwini, iye n'kumathetha ndi cholembera chofiira."

"Ndi nsanje imeneyo," anatero dalaivala wina wa pabenchi, amene ankadziwa mankhwala a vuto lililonse. "Mupite mukamulalatire pamaso pa ana, aone kuti mwanayo ali ndi bambo. Apo ayi mwanayo angokhala pakhomo, muzimuphunzitsa nokha. Asowa chiyani pano?"

"Mphunzitsiyo munamuonapo?" anafunsa mlendo uja ali chiweramire.

"Ndimuonerenji? Ndimamudziwira kulemba kwake. Ayenera kuti ndi kamunthu kakafupi, kokwiya ndi moyo."

Kuseri kwa katani makina osokera anaima.

"Kufupikako mwalondola," anatero mlendoyo. "Tandiuzani, bwana. Ntchito mukugwira pamutu pangayi, m'Chingerezi amati chiyani?"

"Cut," anayankha a Dikishonale, akuyang'ana kubenchi kuti aliyense amve.

"Nanga mukanandimeta dzulo?"

"Cutted!"

"Chabwino. Tiyeni timve kwa wina. Kadona, tatuluka. Mapazi ako akuoneka pansi pa katanipo."

Mwanayo anatuluka pang'onopang'ono, manja ali kumbuyo. "Mwadzuka bwanji, aphunzitsi?"

Makina ometera anazima. Mbali imodzi ya mutu wa aphunzitsi inali yosalala, ina idakali nkhalango. Dalaivala uja anayamba kuyang'anitsitsa kalendala ya pakhoma ngati pali tsiku limene lamusowa.

"Kadona, bambo ako akanandimeta dzulo, ukanati chiyani?"

Mwanayo anatsegula pakamwa, anayang'ana bambo ake, n'kutsekanso. Misozi inalengeza m'maso.

"Mwaonatu, bambo," anatero aphunzitsi motsitsa mawu. "Funso limeneli analikhoza mwezi wathawu. Lero akuyesa kusankha pakati pa yankho ndi bambo ake. Mwana wa zaka khumi ndi chimodzi asamasankhe zotere."

A Dikishonale anali ndi mayankho ambiri okonzeka, koma m'kalilole anaona nkhope ya mwana wawo, kumbuyo kwake kutaima mayi ake atapinda manja. Anaika makina pansi.

"Nena, mwanangu. Nena chimene ukudziwa."

"Cut," ananong'ona Kadona. "Sasintha, ababa. Lero, dzulo, ngakhale mutameta kalekale, amakhala yemweyo."

"Wakhoza," anatero aphunzitsi. "Lamulo lanu lomata kumapeto lija si labodza, bambo, limagwira pa aneni ambiri. Koma alipo ena osalimvera. Ena amasinthiratu ngati 'go' uja, ena amangouma gwa ngati ameneyu. Ndipo mneni mmodzi yemweyu ndiye kumeta, kucheka nsalu ngati mayi apa, kudzitema chala, ngakhale kutsitsa mtengo wa katundu. Palibe amene amabadwa akuzidziwa. Timaziloweza mmodzimmodzi, n'kumazigwiritsa ntchito mpaka zitakhazikika. Ine ndemwe ndikakayikira ndimatsegula buku."

"Inu mumatsegula buku?" anadabwa a Dikishonale.

"Tsiku lililonse. Mukafuna kumuthandiza mwana, musamulembere. Mukhale naye pafupi, azikuwerengerani mokweza. Pamene simukudziwa muzinena kuti pamenepa tikafunse."

"Ndimanena zomwezo ine," anatero dalaivala.

A Dikishonale anapukuta manja pa epuloni. "Mayi, tandipatsani kope lija."

Mayiwo anali nalo kale m'manja.

Anaima pakati pa chipinda, pamalo pomwe ankaimapo akamakamba za mzungu, n'kutsegula tsamba loyamba. Pansi pa zolemba zawo zopendekeka pankaonekabe mizere ya zimene mwana analemba poyamba. Anapendeketsa kopelo cha kuwindo kuti aone bwino.

"Tamvani nonse, poti ndinkanyoza pamaso panu. Apa mwana analemba chiyani, aphunzitsi?"

Aphunzitsi anavala magalasi. "Anakhoza."

"Ine ndinafufuta. Nanga apa?"

"Anakhozanso."

"Ndinafufuta. Apa?"

"Apa analakwitsa. Koma inu munalakwitsa kuposa."

Benchi yonse inaphulika ndi kuseka, ndipo Kadona anabisa kumwetulira kumapewa kwa mayi ake. Anapitiriza choncho tsamba ndi tsamba, dalaivala akuwerenga ndi zala, mpaka zala zinamuthera n'kubwereka za mnzake. Mayankho olondola amene bambo anafufuta anakwana khumi ndi asanu ndi anayi.

A Dikishonale anatseka kope n'kulipereka kwa mwana wawo ndi manja awiri, ngati mmene amaperekera chinthu kwa munthu wamkulu.

"Zako izi, mayi wanga. Ndinakulanda, ndakubwezera anthu akuona. Pepa. Tsopano tiuze mokweza, amve mpaka panja. 'Go' uja, dzulo amati chiyani?"

Kadona anakweza dzanja m'mwamba ngati ali m'kalasi, ngakhale panalibe womupikisana naye.

"Went!"

Phunziro: Kholo lomulembera mwana homuweki limamulanda mwayi wophunzira, ndipo kholo losavomereza kuti silidziwa limamuphunzitsa mwana kukayikira zimene akudziwa. Khalani naye pafupi, mulekeni alembe yekha, ndipo aphunzitsi ake muziwadziwa nkhope asanakhale pampando wanu.