Kaundula wa Aphunzitsi Elifala

A Rodrick anadzukanso kachitatu n'kulowera kuseri kwa chigafa, pepala lija lili m'manja. Loyce anatsala pakhonde ndi mayi ake, a Elizabeti, akuyang'ana mapiri a Ntchisi kuti asatulutse zimene zinali pakamwa pake.

Panali patapita masiku anayi chiikireni maliro a bambo ake, a Elifala, amene anaphunzitsa zaka makumi atatu m'sukulu za mishoni za ku Nachisaka. Popeza analinso mkulu wa mpingo, abusa anapempha banja kuti lilembe mbiri yawo yoti iwerengedwe m'tchalitchi Lamulungu. Loyce, amene ankagwira ntchito yotaipa makalata ku Dzaleka, ndiye anailemba. A Rodrick, mng'ono wa malemu, anaiwerenga yonse akugwedeza mutu movomereza mpaka anafika pa mzere wotsiriza. Pamenepo anafufuta mawu akuti khansa ya pulositeti, n'kulemba pamwamba pake kuti anadwala kanthawi.

Atabwerako kuchigafa anakhala pansi mosamala ngati mpando uli ndi minga, n'kuyambiranso pamene analekezera. Anati munthu wolemekezeka savulidwa pagulu. Anthu akamva dzina lachilendolo afunsa kuti kachiwalo kameneka kali pati, ndipo wina awayankha.

"Matipate abwera, inde, aliyense akuyankhula zake," anatero a Rodrick. "Koma si kuti mpaka kabudula wa achimwene ayanikidwe paguwa."

Loyce anawauza kuti anthu ayankha kale okha. Kumanda kuja, atangomva wolengeza akunena kuti malemu anadwala kanthawi, amayi awiri anagwirana m'nthiti. Dzulo lake kumjigo kunamveka kuti aphunzitsi anapita ndi matenda a masiku ano, nanga munthu n'kuwonda motero? Mayi wina wa mvano, amene ankamwera chikho chimodzi ndi a Elizabeti zaka zonsezi, anabwera kudzapepesa atatenga kapu yakeyake. A Rodrick anangoti zokamba za akazi zimatha ndi mvula yoyamba.

Chimene chinkamuwotcha Loyce si a Rodrick okha. Anali atakwiyiranso bambo ake amene anagona kumandawo. Posesa m'chipinda anapeza khadi la kuchipatala cha mishoni, la mwezi wa Meyi 1994. Nthawi imeneyo a Elifala anapita kukadandaula kuti mkodzo ukutuluka modontha. Dokotala anawafotokozera kuti pansi pa chikhodzodzo cha mwamuna pali kachiwalo kamene kamatupa munthu akamakula, ndipo nthawi zina kutupako kumakhala khansa. Anati awapime ndi chala kudzera kumbuyo, kenako mwina awatumize ku Lilongwe. A Elifala anavala chipewa chawo n'kutuluka. Kunyumba ananena kuti sabata imeneyo akuyang'anira malo oponyera voti, apitanso chisankho chikatha. Chitatha chisankho kunabwera nazale ya fodya, kenako msonkhano wa sinodi. Anabwerera kuchipatalako patapita zaka ziwiri, ali pangolo, mkodzo utatsekeka, matenda atalowa kale m'mafupa a msana. Dokotala yemwe uja anauza Loyce kuti akanalola tsiku lija, bwenzi pali chochita. Anawonjeza kuti abale aamuna a wodwalayo abwere adzapimidwe, chifukwa matendawa amakonda kuyenda m'magazi.

A Rodrick anayamba kusunthasuntha pampando, maso ali kuchigafa. Loyce analephera kupirira.

"Bambo aang'ono, aka ndi kachinayi chikhalireni pano. Tiyi simunamwe. Bambo anayambanso chonchi."

A Rodrick anaimirira, n'kufunsa a Elizabeti ngati kumeneku ndiko kulera, kuti mwana wamkazi aziwerenga maulendo a bambo wake opita kuthengo. Anati ngati sukulu imaphunzitsa zimenezi, ndi bwino kuti iwo analekezera Sitandade 5. Loyce anayankha kuti ulemu umenewu waika kale munthu mmodzi m'manda, iye alibe mphamvu zophikiranso anamfedwa ena. A Rodrick anaponya pepalalo pamphasa, koma sanachoke. Anaima pomwepo, akuoneka kuti sakudziwa ngati apite kwawo kapena kuseri kuja.

A Elizabeti anadzuka, analowa m'nyumba, ndipo anatuluka ndi kope la ana a sukulu lachikuto chofiira. Anati iwo achapa zofunda zaka ziwiri mbandakucha, kuyanika kuseri kuti anthu asaone, ndipo atopa ndi manyazi a amuna a m'banja limeneli. Anapereka kopelo kwa a Rodrick.

M'katimo munali mizere yojambulidwa ndi rula, yowongoka ngati kaundula wa m'kalasi. Munali mayina khumi ndi anayi a amuna a m'mudzimo ndi a mumpingo, onse opitirira zaka makumi asanu. A Elizabeti anafotokoza kuti atatuluka m'chipatala ndi kapaipi ka mkodzo, a Elifala ankavala jekete lawo la Lamulungu, kubisa kathumba kolandira mkodzowo m'kati mwake, n'kuyenda ndi ndodo khomo ndi khomo. Aliyense ankamutengera pambali, kumuonetsa kathumbako, ndi kumuuza kuti chala cha dokotala n'chopepuka kuposa ichi. Akabwerako ankachonga dzinalo. Atatu anapitadi kukapimitsa. A Yosefe a kutsidya anapezeka nako kutupa kukadali kochepa, ndipo anali pa mndandanda wa opaleshoni ku Lilongwe.

Loyce anagwira mutu. Ndiye kuti amuna khumi ndi atatu anaima kumanda kuja akudziwa zoona zake, ena ananyamula nawo bokosi, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anauza mkazi wake kuti asiye kunena a Elizabeti. Ndipo bambo ake, amene anaphunzitsa mudzi wonse, iye mwana wawo ankangomuuza kuti ndi nyamakazi. Anafuna kuseka, anafuna kulira, koma anangotsonya.

A Rodrick sankamumva. Chala chawo chinali pa mzere woyamba. Dzina lawo ndi limene linali pa nambala wani, ndipo ndi lokhalo limene linalibe chochonga. M'mbali mwake munalembedwa madeti anayi ndi pensulo, lililonse litadulidwa ndi kamzere.

Anakhala pansi pang'onopang'ono. Anatola pepala la mbiri lija, analikuntha fumbi, n'kulipereka kwa Loyce osamuyang'ana. Anati alembenso monga analembera poyamba, ndipo afunse ngati dokotala uja amaona anthu Lachinayi.

"Achimwene anabweradi kwanga," anatero, mawu ali pansi. "Kanayi konse. Ankakhala pakhonde, kundiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kufunsa ngati fodya wanga wayamba kupsa. Ulendo wotsiriza anandikonzera kolala ya malaya, n'kunyamuka."

A Elizabeti anatambasula dzanja kuti alandire kope lawo. A Rodrick analitseka, n'kuligwira pachifuwa ndi manja onse awiri.