Manda Amene Beatriz Amasesa

Bambo ake a Beatriz, a Edmundo, ankanyamula ovulala pa machira nthawi ya nkhondo. Chimene anapindula ndi msana wopindika ndi mendulo imodzi yamkuwa yokhala ndi mtanda. Pokolowekera pake patathyoka, anaiboola ndi msomali n'kumangapo waya wa buleki ya njinga. Atamwalira, Beatriz anaiika yekha m'bokosi lawo.

Kampani ya malasha itabwera kudzasamutsa mudzi, inasamutsanso akufa. Mitanda ya pamanda inali itadyedwa kalekale ndi chiswe, choncho Beatriz anauza okumba kuti, "Mukapeza mendulo, bambo anga ndi amenewo."

Mendulo sinaoneke. Anamupatsabe kabokosi ka mafupa, ati ndi omwewo, zitsulo zimasowa m'dothi. Nanga munthu amene katundu wake ali kale pa lole angatsutse ndani? Anakaika malirowo ku Mualadze, kumene anawasamutsira, ndipo chaka chilichonse, pa tsiku lokumbukira akufa, ankasesa pamandapo n'kuyatsa kandulo.

Ku Moatize kuli sitolo ya a Taibo, mkulu wa ku Zóbuè wogulitsa nsalu, amene matenda awo ndi mamendulo akale. Za opha anthu safuna n'kuziona komwe. Amasonkhanitsa za madokotala, anamwino ndi onyamula machira basi, m'kabati yagalasi imene amaipukuta kuposa nkhope yawo. Patapita zaka, Beatriz analowa m'menemo kudzagula nsalu ya kapulana. Waya uja anamuzindikira m'kabatimo asanapereke n'komwe moni.

"Senyor Taibo, iyi mwaitenga kuti?"

"Anabwera nayo woyendetsa chimakina cha kumgodi, mayi, mwezi wathawu. Anaitola pa mulu wa dothi, kumene amataya zokumba."

"Inali yokha?"

A Taibo anayang'ana pansi. "Akuti panali ndi zina. Koma chimakina sichiima."

Atamva nkhani yonse, anatsekula kabati n'kumuika mendulo ija m'manja, osatchula mtengo. Anachita bwino mkulu uja, koma kunena zoona, mtima wa Beatriz sunapepuke ngakhale pang'ono. Bambo ake, amene ananyamula anthu ambirimbiri, panalibe amene anawanyamula.

Tsiku la akufa litafika, mwana wake Márcia anamupeza atatenga tsache.

"Amayi, mukukasesera ndani? Si agogo aja."

"Ndikudziwa. Koma nayenso ali ndi ake, amene akusesa pena."

Anasesa, nayatsa kandulo imodzi pamandapo. Yachiwiri anaigwira m'manja, atayang'ana cha ku Moatize, kumene kuli mgodi uja, mpaka inamuotcha zala. Panalibe poiika.