Matayala a Kuseri kwa Zenera

Mumsewu wonsewo ankamudziwa ndi dzina lakuti Chigamba. Ankamata machubu ndi matayala pansi pa chisakasa cha malata adzimbiri, pafupi ndi ngalande imene inatsekeka ndi zinyalala kalekale. Mkazi wake anamuthawa zaka zambiri zapitazo, ndipo anthu akamufunsa ankangoseka n'kunena kuti, "Ankati ndimanunkha labala ngakhale nditasamba kawiri. Sananame ayi."

Kuseri kwa chisakasacho kunali nyumba ya zipinda zitatu imene anamanga ndi mkulu wake. Mkuluyo atamwalira, Chigamba anasamukira m'chipinda chakumapeto, zinazo n'kusiyira mlamu wake, yemwe anali telala, ndi mwana wake wamkazi. Mwanayo anthu ankamutchula Katsabola chifukwa cha pakamwa pake. Anali asanayambe sukulu, koma ankatha kuyankha munthu wandevu mpaka munthuyo kukanda m'mutu. M'mawa uliwonse ankabwera kudzakhala pa limu lakale, chitsulo cha mkati mwa tayala, miyendo ili lendelende, n'kumayang'anira ntchito.

"Bambo aang'ono, inu mumagulitsa mpweya?"

"Eya, mayi."

"Nanga ine ndikupuma waulerewu, mundimangitsa?"

Makasitomala ankaseka mpaka kugwira m'mimba, Chigamba n'kumanyadira ngati mwanayo anabereka yekha.

Vuto la Chigamba linali limodzi: sankataya tayala. Ngakhale litang'ambika mpaka mawaya kuonekera, iye ankati lidzagwirabe ntchito, wina adzapangira nsapato, wina adzadzalamo maluwa. Ankawasanjikiza kuseri kwa nyumba, ndipo mulu unakula mpaka unafika pa zenera la chipinda chimene Katsabola ankagona ndi mayi ake. Chapafupi panali mgolo wodula pakati, wodzaza madzi, umene ankamizamo machubu pofufuza pamene paboola. Madzi otayikira pamenepo anapanga chithaphwi chimene sichinkauma.

Chaka chimenecho mvula inabwera molawirira ndipo sinafune kupuma. Kunkatentha ngati m'ng'anjo, kenako kugwa chimvula, kenako kutenthanso. Udzudzu unayamba kutuluka dzuwa lisanalowe n'komwe. Munthu ukayima pakhomo kucheza ndi mnzako, nonse mumangodziwomba m'miyendo ngati mukuvina. Makoma a m'nyumba anadzaza timadontho tamagazi.

Mlamu wake anachita zonse zimene mayi angachite. Neti yawo inali yakale, ndipo paliponse pamene yabooka ankasokapo kansalu kotsala ku ntchito, mpaka netiyo inali ndi mitundu yonse ya nsalu za anthu a mumsewuwo. Ankatseka mpata wa pansi pa chitseko ndi nsanza. Anayesa kuyatsa koyilo yothamangitsa udzudzu, koma utsi wake unkatsokomoletsa mwana. Anayesa kumuveka malaya aatali manja, koma ndi kutenthako Katsabola ankawavula ali m'tulo, n'kugubuduka mpaka kukatsamira neti, udzudzu n'kumamuluma kudzera m'timabowo. M'mawa ankadzuka mkono wonse uli totupatupa.

"Alamu," anatero mayiyo tsiku lina, atayima pa chisakasa ndi tepi yoyezera nsalu m'khosi, "matayala anu aja atipha. Ndikatsegula zenera udzudzu umalowa ngati waitanidwa."

"Udzudzu uli paliponse, alamu. Ngakhale kwa anthu olemera kumtunda kuja ukuwaluma."

"Ine sindikunena za kumtunda. Ndikunena za pa zenera langa."

"Chabwino, ndichotsa Loweruka."

Loweruka linafika n'kupita. Nthawi ya mvula misewu imakumbika, misomali imayandama, ndipo ntchito ya omata matayala imachuluka. Chigamba ankaweruka msana utauma gwa. Komanso munthu wina wopanga nsapato anali atalonjeza kuti adzabwera ndi lole kudzatenga mulu wonsewo, ndiye ankaona ngati kuwataya n'kupusa.

Kenako kunabwera mayi wa zaumoyo, woyenda khomo ndi khomo. Sanalankhule zambiri. Anapita kuseri, n'kupendeketsa tayala limodzi. Madzi akuda anakhuthukira pansi, ndipo m'madzimo munali timphutsi tambirimbiri tikuphiriphitha. Anatunganso madzi a pachithaphwi chija ndi chivundikiro cha botolo n'kumuonetsa.

"Bambo, mukuweta ziwetozi?"

"Zikakula ndidzakugawirani," anatero Chigamba akuseka.

Mayiyo sanaseke. "M'nyumba muno muli mwana wamng'ono. Kwirirani chithaphwichi, ndipo matayalawa muwachotse kapena muwafunditse."

Chigamba anathira mchenga pang'ono pachithaphwipo n'kufunditsa pulasitiki pamwamba pa mulu. Mphepo ya tsiku lomwelo inachotsa pulasitikiyo, mvula n'kukokolola mchengawo. Iye anaona, nati mawa.

Katsabola anayamba kudwala mkati mwa sabata. M'mawa sanabwere kudzakhala pa limu. Mayi ake anati thupi latentha pang'ono ndipo akudandaula mutu. Iwo anali ndi mayunifolomu a sukulu ofunika kumaliza, eni ake akubwerabwera pakhomo, ndiye anagula mapiritsi a mutu pa kagolosale n'kumupatsa theka. Kutentha kunatsika. Madzulo mwanayo anatuluka, n'kuseka pang'ono, ndipo onse awiri anapumira m'mwamba. Tsiku lotsatira anasanza chilichonse chimene anadya, n'kumangogona.

Masana a tsiku lachitatu, Chigamba anali atakweza galimoto ya bambo wina pa jeke, tayala lakumbuyo lili pansi, pamene anamva kukuwa. Anali asanamvepo mlamu wake akukuwa choncho, ngakhale tsiku limene mkulu wake anamwalira. Anathamangira m'nyumba. Katsabola anali pamkeka, thupi lauma ngati thabwa, maso atatembenuka, thovu lili kukamwa, manja ndi miyendo zikugwedezeka zokha.

Anamunyamula n'kutuluka naye. Thupi la mwanayo linkamuwotcha pachifuwa.

"Bwana, chonde, kuchipatala!"

"Ndipita bwanji ndi matayala atatu?" anatero mwini galimotoyo. "Bwezerani msanga!"

Chigamba anapereka mwana kwa mayi ake n'kugwada m'matope. Ntchito imene ankaigwira ngakhale atatsinzina inamukanika. Mabowo a limu sankalunjika, nati imodzi inagwera m'madzi ndipo anaifufuza ndi zala akutukwana. Kumbuyo kwake mlamu wake ankangoitana mwana, kumuitana ndi kumuitananso, mwana osayankha. Atamanga manati atatu okha anatsitsa jeke n'kunena kuti, "Tiyeni, sagwa."

Kuchipatala anamubaya chala mwanayo, ndipo posakhalitsa namwino anati ndi malungo, ndipo afika kumutu. Magazi analinso atachepa kwambiri. Chigamba anapinda malaya asanapemphedwe. Atamuchotsa magazi anakhala pa benchi ya pakhonde, mikono idakali ndi girisi, akuyang'ana chitseko cha wodi ya ana. Mkatimo mabedi anali odzaza, ana awiriawiri pa bedi, ndipo ambiri mwa iwo matenda ake anali omwewo.

Katsabola anagona osadziwa kanthu masiku angapo. Mayi ake sanachoke pambali pake, ndipo Chigamba ankabwera ndi chakudya chimene chinkabwerera osakhudzidwa. Mlamu wakeyo ankalandira mbale osamuyang'ana kumaso.

Pamene mwanayo anatsegula maso, Chigamba anathamangira pa bedi. "Mayi, mwadzuka? Ndine bambo aang'ono." Maso a mwanayo anamudutsa ngati akuyang'ana khoma. Dzanja lake lamanja linali lende, ndipo pakamwa panatuluka kaphokoso kokha kopanda mawu. Dokotala anawauza mosabisa kuti moyo wapulumuka, koma matendawa avulaza ubongo. Zina zikhoza kubwerera pang'onopang'ono, zina mwina ayi.

Madzulo ake Chigamba anapeza mlamu wake pa mpopi wa kuseri kwa wodi, akuchapa nsalu za mwana. Anayima pambali, osadziwa poyambira.

"Ndinakuuzani kangati?" anatero mayiyo osadzutsa mutu.

"Alamu..."

"Ndinakupemphani ngati ndikupempha chinthu chachikulu. Loweruka, Loweruka. Mwana wa mkulu wanu ameneyu. Mwasinthanitsa ndi matayala owola."

Namwino wachikulire ankadutsa ndi ndowa, ndipo Chigamba anamuimitsa ngati munthu womira. "Amayi, ndiuzeni zoona. Kuseri kwa nyumba kwathu kuli matayala osunga madzi. Ndi amene achita zimenezi?"

Namwinoyo anali wotopa ndipo analibe nthawi yosankha mawu. "Ndani angadziwe udzudzu umene unamuluma? Ukhoza kuchokera kwanuko, ukhoza kuchokera m'zithaphwi za mumsewu. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti mwana uyu akanabwera tsiku loyamba, bwenzi akusewera pano. Munachedwa naye."

Anapitirira ndi ndowa yake. Mlamu uja anasiya kuchapa. Madzi ankasefukira m'beseni, iye ali chiimire, manja ali m'thovu. Kenako anakhala pansi ponyowapo n'kuyamba kulira mopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka. Chigamba anatseka mpopi. Anafuna kunena kuti mlandu ndi wake yekha, koma anadziwa kuti mayiyo sakhulupirira, ndipo kuyambira tsiku limenelo nkhaniyi sanaikambenso.

Mawa lake sanatsegule chisakasa. Anabwereka ngolo n'kuyamba kugumula mulu uja mvula ikuwaza. Tayala lililonse limene ankanyamula linkakhuthula madzi onunkha pa miyendo yake, udzudzu n'kubuka ngati utsi, kumulowa m'mphuno ndi m'makutu. Sanadziwombe n'kamodzi komwe. M'tayala lina lapansi anapeza kachidole kansanza ndi zivundikiro za mabotolo zosanjidwa bwinobwino. Katsabola anali ndi kanyumba kake kosewerera m'menemo. Anakhala kaye pansi. Kenako anadzuka n'kupitiriza, ulendo ndi ulendo wa kudzala, mpaka kuseriko kunayera. Mgolo uja anaugudubuza, chithaphwi n'kuchikwirira ndi zidutswa za njerwa.

Dzuwa likulowa anakhala pakhomo, thupi lonse likuwawa. Udzudzu unabwera monga mwa masiku onse. Unkachokera kungalande, kumaenje a mumsewu, ku nyumba yosamalizidwa ya kutsidya. Sunachepe n'komwe.

Anayenda khomo ndi khomo kupempha anthu kuti atsegule ngalande pamodzi. Aliyense anamumvera chisoni, aliyense anati abwera. Tsikulo litafika anabwera anthu awiri, ndipo mmodzi anachoka msanga ati kuli maliro. Chigamba anakumba yekha mpaka matuza anaphulika. Sabata isanathe anthu anali atayambanso kutayamo zinyalala.

Katsabola atatuluka m'chipatala sanakhalitse m'nyumbamo. Mchimwene wa mayi ake anabwera ndi kagalimoto ka katundu. Anakweza makina osokera, bedi ndi mabeseni. Chigamba anathandiza kumanga zingwe. Pomaliza ananyamula mwanayo kupita naye kutsogolo kwa galimoto. Anali wopepuka ngati mtolo wa nsalu, mutu utatsamira paphewa pake, dovu likunyowetsa kolala.

"Alamu, matayala aja ndinachotsa," anatero.

"Ndaona."

"Simungakhale?"

"Sindingathe kuyang'ana zenera limene lija," anatero mayiyo. "Komanso makina awa, amene anandichedwetsa kupita naye kuchipatala, ndikawayang'ana... koma nanga tidya chiyani?" Anakwera n'kulandira mwana. "Muzibwera kudzamuona. Sindikukuletsani."

Chigamba ankapita mwezi uliwonse. Patapita nthawi mwanayo anayamba kuyenda, akukoka mwendo umodzi, ndipo ankatha kunena mawu owerengeka: amayi, madzi, ayi. Nthawi zina ankamumwetulira Chigamba monga ankamwetulira mlendo aliyense. Anzake a msinkhu wake anayamba sukulu atavala mayunifolomu osokedwa ndi mayi ake, iye ali pamkeka pafupi ndi makina.

Ku chisakasa anthu anaona kuti Chigamba wasiya nthabwala. Kasitomala akasintha tayala, ankamukakamiza kutenga lakalelo, ndipo wokana ankakangana naye. Ena anayamba kupita kwa womata wina kumsika.

Zipinda ziwiri zija analowamo mnyamata wogwira ntchito yaulonda ndi mkazi wake, ali ndi khanda la miyezi yochepa. Mvula yotsatira itayamba, Chigamba anaona kuti neti imene banjalo linalandira kusikelo ya ana idakali m'pepala lake pawindo. Anamudikirira mlondayo pakhomo.

"Achimwene, netiyo bwanji osaimanga?"

"Timanga, madala. Kungoti mayiwa akuti mukatentha mkati mwake, mwana amalira."

"Alire. Kulira si kanthu. Ndipo akangotentha thupi, musadikire, musagule mapiritsi pagolosale, muthamange naye tsiku lomwelo."

"Tamva, madala, tamva," anatero mnyamatayo akuyang'ana foni.

Masana ake Chigamba anatenga hamala, misomali ndi chingwe n'kukagogoda. Mkaziyo anatsegula pang'ono, khanda lili kubere. Anayang'ana hamalayo, n'kuyang'ana nkhope ya bambo wachikulire amene anthu a mumsewu ankati mutu wake sukuyenda bwino chiyambire za mwana uja.

"Abambo akunyumba agona," anatero mwaulemu. "Mubwere mawa."

Anatseka chitseko, ndipo Chigamba anamva akukoka loko. Anayima pamenepo kanthawi, misomali ili m'manja. Kumsewu galimoto inaliza hutala, munthu akufuna mpweya, ndipo iye anabwerera ku chisakasa.