Dzina Lobwereka

Ku Nkhotakota kuno ndani sadziwa Tahiru Hamidu, wosewera pakati mu timu ya dziko uja? Akaoneka pa kanema, msika wonse wa pa Boma umaima. Koma abale, mnyamatayo si Tahirutu ayi, ndi Swaleh! Tahiru weniweni ndi mng'ono wake, wopalasa kabaza.

Nkhani yake ndi iyi. Atabwera osankha osewera osapitirira zaka 17, Swaleh anali ndi zaka 21. Basi anangotenga khadi la kusikelo la mng'ono wakeyo, akuti, "Ndibweza, mphwanga." Zaka zisanu ndi chimodzi zadutsa, dzina silinabwerebe.

Ndiye chaka chino ku Dwangwa kunatuluka maphunziro aumakaniko a achinyamata osapitirira zaka 25. Tahiru, wazaka 22, anawafunitsitsa n'kutenga fomu, koma pamafunika chiphaso cha unzika. Anapita kukalembetsa chiphasocho.

Mayi wa mu ofesimo anayang'ana pa kompyuta, n'kumuyang'ana iye.

"Tahiru Hamidu, mayi ake Shamsa, wobadwa tsiku lomweli? Ameneyu chiphaso ali nacho kale. Si wampira uja? Nanga inu ndinu ndani? Mubwere ndi mayi anu mawa, adzanene okha."

Tahiru anatuluka n'kuimbira foni mkulu wake.

"Achimwene, dzina langa lija ndikulifuna."

"Iwe, wapenga? Lachisanu ndikusaina ndi timu ya ku Joni! Akamva kuti ndili ndi zaka 27 andithamangitsa, ndi ku timu ya dziko komwe. Tangodikira pang'ono."

"Pang'ono wanu uja munayamba kale, ine ndili ku pulayimale."

"Wallahi, mphwanga, ukandiulula wandipha."

Foni inaduka.

Kutacha, Tahiru anawakweza mayi Shamsa pa kabaza. Atafika pa mpando wa mu ofesi, mayiwo ankangopotokola nsonga ya mpango.

"Mayi, mwana wanu uyu dzina lake ndani?"

Mayi Shamsa anayang'ana Tahiru, misozi ili lengelenge. Anene zoona, wamkulu athe. Aname, ndiye kuti amukana wamng'ono ali pomwepo, pamaso pa anthu. Tahiru anaona milomo ya mayi ake ikugwedera, ndipo zinamupweteka kuposa za umakaniko zija.

"Asiyeni amayi," anatero. "Dzulo ndinangofuna kutchuka ndi dzina la mng'ono wanga. Ndine Swaleh."

"Anyamata inu! Mukanamangidwa nazotu zimenezi. Zaka?"

"27."

Mayi wa mu ofesi uja analemba akupukusa mutu. Kunja, Tahiru anatulutsa fomu ya ku Dwangwa ija m'thumba, naiyang'ana kanthawi, n'kuiponya m'dzenje la zinyalala.

"Mwanangu..." anayamba mayi Shamsa.

"Kwerani, amayi. Dzuwa lakula."