Mnzawo wa Bambo Anatsala Kutsidya kwa Ruo

Mchimwene wanga Everson amalemba masewero ku Blantyre. Ambiri ndi a moyo wa m'tauni: makondakitala a minibasi, alandilodi a ku Ndirande, atsikana osaka ntchito mu Limbe. Anthu amaseka mpaka kugwira nthiti, iyenso n'kumadzimva kuti ndi katswiri. Chaka chatha analemba la nkhondo ya ku Mozambique, ndipo anaumirira kudzalionetsa kwathu kuno ku esiteti, pabwalo la mpira, Lamulungu masana ife othyola tiyi tikupuma.

Nkhaniyo anaitenga kwa bambo athu, a Samsoni. Iwo anathawa nkhondoyo pamodzi ndi mnzawo wa ponda apa nane mpondepo, a Reinford. Akazi a a Reinford, mayi Tabita, anali atatsogola kale kuno ndi ana. Bambo anafika okha. Anauza mayiwo kuti amuna awo anafera m'njira, ndipo anawaika m'manda ndi manja awo. Maliro analiridwa, anthu anameta, ndipo zaka zonsezi mayi Tabita akhala akulemekeza bambo ngati mlongo wawo weniweni.

Zoona zake bambo anaululira Everson yekha, atagonekedwa m'chipatala, poganiza kuti akutisiya. Koma anachira. Ine sindinkadziwa kanthu.

Everson anasintha mayina n'kuona ngati wabisa zonse. Kutauni zimatheka zimenezo, koma kuno kumalaini, kunyumba za antchito, timadziwana mpaka katsokomoledwe. Dzina anasinthadi, koma chibwibwi cha a Reinford anachisiya, anasiyanso kawailesi kamene ankayenda atakakoleka m'khosi. Nzeru za m'tauni zimenezo.

Sewero litafika pakati, munthu wa kawailesi uja anagwa m'mbali mwa mtsinje wa Ruo, chipolopolo chili m'ntchafu.

"U-u-usandisiye, m'bale wanga," anatero.

"Ndikukaitana anthu, ndibweranso," anayankha mnzakeyo. Anawoloka, ndipo sanabwererenso.

Akuti ku Blantyre pamenepa anthu ankalira kenako n'kuwomba m'manja. Kuno sizinatero. Akuluakulu onse anatembenukira kwa bambo, amene akapitawo anawapatsa mpando kutsogolo monga kholo la mlembi. Ndinamva manyazi osaneneka.

Mayi Tabita anadzuka pamphasa, n'kuyenda pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Everson anathamangira kukawatchingira.

"Amayi, ndi drama chabe iyi. Mayina ndi ena."

"Choka apa, mwana iwe," anatero osamuyang'ana n'komwe.

Atafika kwa bambo anagwada, monga ankachitira nthawi zonse powapatsa moni.

"Achimwene, ndiuzeni. Munawasiya akupuma?"

Bambo anavula chipewa. Ndinkafunitsitsa atanama kachiwiri, Mulungu andikhululukire.

"Akupuma, achemwali. Asilikali anali pafupi. Ndinachita mantha."

"Ndiye manda aja kulibe?"

"Kulibe."

Mayi Tabita sanalire, sanatukwane. Zikanakhala bwino akanatukwana. Anangogwira mpango wa kumutu kwawo, n'kuyang'ana kumapiri a kum'mawa kupyola minda ya tiyi.

"Mantha ndikuwamvetsa, tonse tinathawa," anatero motsitsa mawu. "Koma mukanandiuza tsiku lomwelo, ndikanawoloka ndekha. Ine ndinali pano kumeta mutu, iwo ali uko kukudikirani."