Nkhafi Ziwiri za a Selemane

M'chaka cha 1988, a Selemane a ku Nkholongue, mudzi wa m'mbali mwa nyanja, anaponda bomba lokwirira la nkhondo m'munda mwawo mwa chinangwa. Anabwerako kuchipatala ndi mwendo umodzi. Mwana wawo Hamisa sankawalola kugwira kanthu. Ankawasambitsa, ndipo popita kuchimbudzi ankawanyamula ndi mwamuna wake.

"Mukagwira ntchito, anthu adzati takutayani," ankatero.

Nkhondo itayandikira, Hamisa anaganiza zothawitsira ana ku Likoma. "Baba, tikunyamulani. Simungatsale nokha."

"Sindine thumba la makaka ine," anayankha a Selemane. "Amayi ako agona m'dothi lino. Sindichoka."

Namwino wa ku Metangula, mayi Lea, anamva za mkanganowo nabwera. Anakana mpando, nakhala pamphasa pomwe panali a Selemane.

"Ndizibwera masabata asanu ndi limodzi okha," anatero. "Bambo, mukufuna kuyambira pati?"

Chibwerere kuchipatala, palibe amene anali atawafunsapo zimenezi. A Selemane anayankha: "Ndikufuna kutunga ndekha madzi osamba ndisanapemphere."

Lea anapempha nkhafi ziwiri zakale kuti zikhale ndodo zoyendera. Anazidula, nakulunga nsanza kumutu kwake kuti zisapweteke m'khwapa. Anamanganso chingwe cha ukonde kuchokera pakhomo mpaka kuchimbudzi.

Tsiku lachitatu a Selemane anagwa chafufumimba pabwalo. Hamisa anathamanga, koma Lea anamugwira dzanja. "Afunseni kaye."

"Baba, ndikudzutseni?"

"Ndisiye! Bomba landilephera, ndiye mchengawu ungatani?"

Anadzuka okha, thukuta lili kamukamu. A Basilio, mnansi wawo, anaima kumpanda. "Iwe Hamisa, bambo ako akugubuduka pansi, iwe manja lende?"

Koma m'mawa mwake a Basilio anabwera ndi khasu, nasalaza njira yonse yopita kunyanja. Mulungu awakumbukire.

Lea anaphunzitsa a Selemane kuphika atakhala, kunyamula madzi m'chigubu chokoleka m'khosi, ndi kukwera okha m'bwato, kuti mfuti zikalira asadikire munthu. Sabata iliyonse ankachepetsa thandizo. Sabata yomaliza ankangoyang'ana, kenaka anatsazika.

Tsiku la ulendo wa ku Likoma, Hamisa anazengereza pagombe. A Basilio anali atalonjeza kuzonda a Selemane m'mawa uliwonse, komabe mtima wake sunakhazikike.

"Baba, mukutsimikiza?"

A Selemane anakhazika nkhafi imodzi pamchenga, natsamira inayo, nakankha bwato ndi dzanja lawo. "Pita nawo anawo. Mukadzabwera mudzandipeza pakhomo panga."

Ndipo anawapezadi.

Wokalamba kapena wolumala akachoka kuchipatala, tisamulande ntchito zake poganiza kuti ndi ulemu. Timufunse chimene akufuna kuchita yekha, timuthandize kwa kanthawi, kenaka tichotse dzanja pang'onopang'ono. Thandizo labwino limabwezera munthu mphamvu zokhala pakhomo pake.